Zilembo za pulogalamu yakale zikuoneka mbuu pa laputopu yatsopano

Achimwene amene mwafunsa za pulogalamu ya sitoko ya kushopu ya mbewu ndi feteleza pa Kasungu boma paja, mwati kompyuta yakale inafa ndiye mwagula laputopu yatsopano, koma zilembo zikutuluka zing'onozing'ono, mukakuza windo zikuchita mbuu moti bambo sakutha kusiyanitsa 8 ndi 0 ndipo akudandaula maso. Ndaona ena pamwambapa akuti tsitsani resolution (kuchuluka kwa timadontho pa sikirini), ena akuti gulani monita yaikulu, chonde musathamangire zimenezo, ndalamazo sungani, vutoli limatha ndi fonti basi.

Mapulogalamu a nthawi ya DOS, dongosolo lakale loyendetsera kompyuta Windows isanafale, analembedwa kuti azionetsa mizere 25, mzere uliwonse zilembo 80, ndipo chilembo chilichonse chinali kachithunzi ka timadontho towerengeka, 16 m'litali, 8 kapena 9 m'lifupi. Pa monita yachimbuyo ija zinkadzaza bwinobwino. Laputopu ya masiku ano ili ndi timadontho 1920 ndi 1080, kaya 1366 ndi 768, ndiye kompyuta ikaonetsa tizithunzito mmene tilili timachepa, ikatikoka kuti tidzaze sikirini imachita kuganizira madontho osowawo, zili ngati kutenga chithunzi cha pachitupa nkuchikuza kuti mupachike pakhoma. Mukatsitsa resolution mwangowonjezera kukokako, ndiye ngakhale Excel ndi WhatsApp zizioneka mbuu.

Musanakhudze kalikonse kopani foda yonse ya pulogalamuyo muike pa fulashi. Ambiri mwa mapulogalamuwa analembedwa ndi zida zakale zopangira mapulogalamu zotchedwa FoxPro kapena Clipper, ngongole za alimi ndi sitoko yonse zimakhala m'mafayilo a .dbf momwemo, akasowa palibe kokawapeza.

Kenako tsegulani pulogalamuyo muwerenge zomwe zalembedwa pamwamba penipeni pa windo. Windows 11 inabwera mu 2021 ili ya 64-bit yokhayokha, ndipo Windows ya 64-bit siyendetsa yokha pulogalamu ya DOS, ndiye ngati yanuyo ndi ya DOS yeniyeni ndiye kuti amene anakuikirani anagwiritsa ntchito china chake, kawirikawiri DOSBox, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu a DOS pa makompyuta atsopano. Ngati mukuona DOSBox 0.74 pamwambapo, fufuzani DOSBox Options pa Start, itsegula fayilo mu Notepad, pezani mzere wa output mulembe output=openglnb, pa windowresolution mulembe 1280x800. Nambalayi sindinangoitola ayi, DOSBox imajambula zilembo pa 640 ndi 400, ndiye 1280 ndi 800 nkuchulukitsa kawiri ndendende, kadontho kalikonse kamangokula popanda kupakapaka. Koma pa sikirini ya 768 windo imeneyi sikwana.

Komabe ine ndikanakhala inu DOSBox wambayu ndikanamusiya, anapangidwira magemu, za bizinesi ngati kusindikiza malisiti sizake. Alipo awiri oyenera ntchito yanuyi, vDos ndi DOSBox-X, ndipo ubwino wake ngwakuti sakoka tizithunzi tija, amalemba chilembo chilichonse mwatsopano ndi fonti ya TrueType ngati ya mu Word, moti mungakuze chotani m'mbali mwake mumakhalabe mwakuthwa. Mu DOSBox-X, mu fayilo yake ya masetingi, mumalemba output=ttf, kenako pa gawo la ttf mumasankha fonti ndi ptsize, kukula kwa zilembo, ikani 20 kaya 24 muone pomwe bambo akuwerenga osaweramira. Mu vDos fontiyo ilimo kale, kukula kwa windo mumasintha mu config.txt pa mzere wa WINDOW. Koyamba kuona malipoti akale a mu pulogalamu ya DOS akutuluka mwaukhondo chonchi munthu umachita kudabwa, zenizeni. Yesani pa foda yokopera ija kaye, osati yeniyeni, makamaka nyengo yogulitsa ikayandikira anthu ali pamzere.

Tsono ngati pamwamba sipanalembedwe DOSBox, yangokhala windo yakuda ya Windows, nkhani ndi yosavuta. Dinani kumanja pa mutu wa windoyo, Properties, kenako Font. Mukapeza pasankhidwa Raster Fonts, zilembo za timadontho zija, ndiye mwini vutoyo ameneyo, sinthani muike Consolas saizi 20 kapena 24. Consolas ndimaikonda chifukwa 0 wake ali ndi kamzere kodutsa pakati, sungamusokoneze ndi O, ndipo pa nkhani ya matumba ndi ndalama kusokoneza nambala nkoopsa. Musafune fonti ngati Arial, mapulogalamuwa amafuna zilembo zofanana m'lifupi, apo bii mizati ya manambala imapotoka. Pa Layout siyani m'lifupi pa 80. Komanso pa Colors mutha kuwalitsa buluu uja amazimirira pa zakuda.

Ngati windoyo ili ndi ma tab pamwamba ngati browser, imeneyo ndi Windows Terminal, gwirani Ctrl nkudina + zilembo zikula pomwepo, koma kuti zikhale choncho mpaka mawa pitani ku Settings, Defaults, Appearance musinthe Font size. Mapulogalamu ena akale amasokonekera mmenemo, zikatero pa Startup sinthani Default terminal application ikhale Windows Console Host mutsatire zomwe ndanena zija.

Mwina mukasintha fonti muona mabokosi a menyu asanduka zilembo zachilendo ngati Ä ndi ³, musaope data sinaonongeke, ndi code page chabe, mndandanda womwe kompyuta imatsatira posankha chilembo choti ionetse. Mizere ya mabokosi ija imachokera mu code page 437, ndiye mu fayilo ya .bat yomwe imatsegula pulogalamuyo onjezerani chcp 437 pamzere woyamba.

Za Windows yonse, siyani resolution pomwe palembedwa Recommended, kwezani Scale ifike 125% kapena 150%, kenako lembani ClearType pa Start, chida cha Windows chokonzera maonekedwe a zilembo, koma bambowo ndi amene akhale pampando kusankha zitsanzo zomwe akuziona bwino, atavala magalasi awo, poti maso anu ndi awo ndi osiyana ndipo amene amakhala pa kauntala tsiku lonse ndi iwowo.

Jambulani pamwamba pa windoyo mutumize muno, mayina a makasitomala muphimbe, ndikuuzani mzere weniweni woti musinthe.