Kodi Sam Phillips anapusa pogulitsa Elvis?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Akuti anamva kuti Sam Phillips, munthu amene anayamba kujambula nyimbo za woimba wa ku America Elvis Presley, anamugulitsa ku kampani ina pa mtengo wozizira, ndiye akufunsa ngati mkuluyo anali wopusa kapena anangomubera.

Achimwene, sanapuse. Ngongole ndi zimene zinamugwira pakhosi.

Sam Phillips anabadwira ku Alabama mu 1923 ndipo anayambira pa wailesi. Mu 1950 anatsegula situdiyo yake pa 706 Union Avenue mumzinda wa Memphis. Kuti lendi ipezeke ankajambula chilichonse, maukwati ngakhale maliro, koma mtima wake unali pa oimba akuda a blues omwe makampani akuluakulu sankawalabadira. B.B. King ndi Howlin' Wolf anaimbapo m'kachipinda kameneko. Nyimbozo ankazipereka ku makampani ngati Chess ya ku Chicago, iye n'kutsala ndi nyenyeswa. Atatopa nazo, mu 1952 anayambitsa kampani yakeyake, Sun Records.

Tsono mumvetse bwino apa. Kwa kampani yaing'ono, nyimbo ikatchuka ndi pamene mutu umapweteka. Fakitale yopanga marekodi imafuna ndalama zake msanga, pomwe amalonda otenga katunduyo pa ngongole amalipira patapita miyezi, ena osalipira n'komwe. Anthu akamaifuna kwambiri nyimboyo, inu mukupangitsa marekodi ambiri ndi ndalama zimene mulibe. Kuwonjezera apo, Phillips anali atalipitsidwa chifukwa nyimbo ya woimba wake Rufus Thomas ya mu 1953 inafanana kwambiri ndi ya eni ake. Elvis anayamba kumveka mu 1954, koma thumba la Sun linali lobooka, uku Colonel Tom Parker, yemwe pambuyo pake anadzakhala manijala wa Elvis, akumukokera mnyamatayo ku makampani akuluakulu.

Mu November 1955 kampani yaikulu ya nyimbo ya RCA inapereka madola 35,000 kuti itenge Elvis. Lero ikuoneka ngati ndalama ya mchere, koma nthawi imeneyo inali yodabwitsa pa woimba wachinyamata chonchi. Ndiyo inamupatsa Phillips mphamvu yokankhira woimba wina, Carl Perkins, ndipo mu 1956 nyimbo ya Perkins ya "Blue Suede Shoes" inagulidwa marekodi oposa miliyoni imodzi. Johnny Cash, Jerry Lee Lewis ndi Roy Orbison onse anadzera pa Sun. Cash nayenso anachoka mu 1958 kupita ku kampani ya Columbia, chifukwa wamng'ono amalera, wamkulu n'kudzatenga. Phillips anaika ndalama m'mawailesi ndi m'mahotela a Holiday Inn, anagulitsa Sun mu 1969, ndipo anamwalira mu 2003 ali munthu wolemera.

Ngati mukufuna pomudzudzula, ine ndiloza kwina. Atangoona kuti anyamata achizungu akubweretsa ndalama, oimba akuda amene anamanga dzina la situdiyoyo anawaika pambali. Rufus Thomas anadandaula za zimenezi poyera kwa zaka zambiri, ndipo sankanama.