Mmene mungalankhulire ndi mwini mpamba pa bizinesi yooda katundu kunja

Achemwali, mwafunsa mmene bizinesi yooda katundu kunja imayendera, komanso zoti mumuuze munthu amene mukufuna kuti akupatseni mpamba. Ndiyankha zonse pamodzi, chifukwa munthu amakukhulupirirani akaona kuti mukudziwa kumene ndalama yake idzadutse ndi tsiku limene idzabwerere m'manja mwake.

Musayambe ndi mawu akuti "katundu ameneyu akuyenda malonda kwambiri". Aliyense wopempha amatero. Yambani ndi mtengo wa chinthu chimodzi chikafika pogulitsira: mtengo woodera, thiransipoti yanu popita ndi pobwera, malo ogona, malipiro a katundu m'basi kapena pa lole, msonkho wa pachipata, ndi zimene zimatayika posintha ndalama. Chomalizachi ndicho chimagwetsa ambiri. Mumaoda ndi ndalama ya dziko lina koma mumagulitsa ndi ya kwanu. Ya kwanuyo ikachepa mphamvu katundu asanathe, mugulitsa zonse, ndalama zioneka zambiri m'thumba, koma sizikwananso kuoda katundu wochuluka ngati woyamba uja. Nenani zimenezi nokha iye asanafunse, ndipo musonyeze kuti mitengo yanu mwaisiyira mpata.

Za msonkho mukafunse kwa akuluakulu a kasitomu musanalembe chiwerengero chilichonse. M'mayiko ena a COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, muli ndondomeko ya amalonda ang'onoang'ono yotchedwa Simplified Trade Regime, imene imachepetsa zikalata ndi kuchotsa msonkho wolowetsera katundu. Koma imakhudza katundu wopangidwa kapena kulimidwa m'chigawomo, amene ali pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, ndipo misonkho ina monga VAT itha kukhalapobe. Chinthu chopangidwa ku China sichilowa m'ndondomekoyi ngakhale mwachigula m'dziko loyandikana ndi lanu. Ndipo ngati phindu lanu likuoneka pokhapokha mutazembetsa katundu, musapite nalo kwa munthu ganizolo. Tsiku limodzi akakulandani, mpamba wa mwini wapita.

Mwini mpamba adzafunanso kudziwa kuti ndalama imatenga nthawi yaitali bwanji kuti izungulire. Phindu lochepa lobwera msanga limaposa lalikulu lokhala miyezi m'katoni, makamaka ngati ogula anu ndi otenga pangongole.

Pitani ndi umboni wogwirika: malisiti, kabuku ka zogulitsa, mauthenga a anthu amene aitanitsa kale katundu, bwinonso ngati ena analipirako. Ngati simunayambe, yesani kaye ulendo waung'ono ndi ndalama zanu. Ine sindingaike ndalama kwa munthu amene sanaikepo yake.

Pomaliza tchulani ndalama yeniyeni imene mukufuna, ndipo munene ngati ndi ngongole kapena mudzagawana phindu. Mugwirizanenso za amene adzasenze chitayiko katundu akawonongeka panjira, kenako mulembe pa pepala, nonse musayine pamaso pa mboni.