Malenzi anayi paulendo wa kunja: ndisiye ati?

Funso: Amisiri, ndili ndi kamera ya Canon ya sensa ya APS-C ndi malenzi anayi: 10-18mm, 18-55mm imene inabwera ndi kamera, 50mm f/1.8 komanso 70-300mm. Ndikupita kunja kwa masabata awiri kukayenda m'mizinda ndi kuona nyumba zakale. Ndinyamule onse?

Yankho: Mayi, 70-300mm ija isiyeni. Yokhayo imalemera magalamu opitirira 600, kuposa atatu enawo mutawaphatikiza, ndipo poti nambala ya mm ikakula lenzi imakokera pafupi zinthu zakutali, ntchito yake ndi mbalame, nyama zakutchire ndi mpira, zinthu zimene simungaziyandikire. Mumzinda vuto limakhala lina: misewu ndi yothina, nyumba ndi zazitali, ndipo pobwerera m'mbuyo kuti zonse zikwane pachithunzi mumapezeka mwagunda khoma. Mukaitenga, tsiku loyamba mudzaikoleka paphewa monyadira, lachitatu mudzaisiya kuhotelo.

Kumbukirani kuti sensa (kachipangizo ka mkati mwa kamera kamene kamalandira chithunzi) ya APS-C ndi yaing'ono poyerekeza ndi yaikulu yotchedwa full frame, ya 36mm ndi 24mm, choncho pa Canon manambala a lenzi mumawachulukitsa ndi 1.6 (pa Nikon, Sony ndi Fujifilm ndi 1.5). Ndiye kuti 18-55mm yanu ikuona ngati 29-88mm pa kamera ya full frame, ndipo 10-18mm ikuyambira pa 16mm. Mkati mwa tchalitchi chakale kapena pabwalo lozunguliridwa ndi nyumba, 16mm imeneyo ndi imene idzakupulumutseni. Musamangoyika anthu m'mbali mwa chithunzi, chifukwa lenzi yotambasuka chonchi imawakoka nkhope ndi manja.

Anthu ambiri amainyoza 18-55mm poti inabwera ndi kamera. Ine sindiinyoza. Masana, mukachepetsa pang'ono bowo lake lolowera kuwala kufika f/8 (nambala ya f ikakula, bowolo limachepa), zithunzi zake zimatuluka bwino lomwe. Imafooka dzuwa likalowa, chifukwa pa 55mm siitseguka kupitirira f/5.6. Apa ndi pamene 50mm f/1.8 imalowerera: ikatseguka yonse imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi, kulemera kwake ndi magalamu 160 okha. Madzulo, kapena m'nyumba zosungira zinthu zakale momwe nthawi zambiri amaletsa flash, mudzaiyamikira. Koma pa kamera yanu ikuona ngati 80mm, ndiye ndi ya nkhope za anthu ndi tinthu tokongola tapakhoma, gulu la anthu patebulo silingakwane.

Nyamulani atatuwo, koma potuluka m'mawa tengani awiri basi. Ngati mukukayikabe, tsegulani zithunzi zanu zakale pakompyuta. Chithunzi chilichonse chimasunga nambala ya mm imene munajambulira, ndipo mudzaona nokha lenzi imene dzanja lanu linazolowera.

Funso: Nanga m'ndege ndiziyike m'sutikesi yaikulu? Mnzanga akutinso lenzi yake inachita chuku atabwera kudziko lachinyezi.

Yankho: M'sutikesi ayi. Katundu wapansi pa ndege amaponyedwa ndi kupanikizidwa, ndipo mkati mwa lenzi muli magalasi angapo amene amasuntha akagunda mwamphamvu. Zonse zikhale m'chikwama cha m'manja. Makampani ambiri a ndege amalola makilogalamu 7, koma onani patikiti yanu poti amasiyana. Mabatire a lithium amene sali m'kamera saloledwa m'katundu wapansi. Akhale nanu, aliyense m'kachikwama kake kapena mutamata tepi pazitsulo zake. Malire wamba a mphamvu ya batire ndi 100Wh, ndipo batire ya kamera siyandikira n'komwe pamenepo. Chaja zambiri zimalembedwa 100-240V, ndiye chosowa ndi adaputa ya pulagi yokha.

Za chuku, gwero lake ndi chinyezi chokhalitsa m'chikwama chotseka. Mukachoka m'chipinda chozizira cha makina n'kutulukira panja potentha, galasi limachita thukuta kunja ndi mkati momwe. Musanatuluke, ikani kamera m'pepala la pulasitiki lotseka bwino, ndipo mudikire ifunde kaye musanaitulutse. Ponyani timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi m'chikwama, usiku muzichisiya chotsegula. Chuku chikangomera mkati, kupukuta kunja sikuthandiza. Lenzi imafunika kumasulidwa, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wapagalasi, banga lake silichoka.

Posintha lenzi, zimitsani kamera, muiloze pansi, mufulatire mphepo. Kafumbi kamodzi kakakhala pa sensa kamaoneka pachithunzi chilichonse cha thambo, choncho musaiwale kapampu kopemerera fumbi ndi kansalu kofewa.