Kodi pali mbewa yomwe imakhala moyo wonse osamwa madzi?

Mayi wina amene amawerenga tsambali wandilembera imelo kufunsa ngati n'zoona kuti m'chipululu muli mbewa yosamwa madzi. Mayi, n'zoona ndithu, ngakhale kuti thupi lake limafuna madzi monga la nyama ina iliyonse.

Kanyamaka kamatchedwa kangaroo rat, ndipo kamapezeka m'zipululu za kumadzulo kwa United States ndi kumpoto kwa Mexico, monga Sonoran ndi Mojave. Mtundu wodziwika kwambiri, Dipodomys merriami, umalemera magalamu pafupifupi 40 okha. Kamayenda modumpha ndi miyendo yakumbuyo, mchira wake wautali ukukathandiza kuti kasagwe.

Madzi ake ambiri amachokera mu njere zouma zomwe kamadya, pakuti chakudya chikamapsa m'thupi kuti chipereke mphamvu, pamapangikanso madzi. Thupi la munthu nalonso limachita zimenezi, choncho chodabwitsa kwa ine si kapangidwe ka madziwo koma kuumira kwa kanyamaka pa dontho lililonse. Impso zake zimabweza madzi ochuluka m'magazi moti mkodzo umatuluka wochepa ndi wokhuthala kwambiri, ndowe zake n'zouma, ndipo sikataya madzi mwa thukuta ngati ife. M'mphuno mwake mumaziziritsa mpweya umene kakutulutsa, kotero kuti chinyezi chimatsalira momwemo n'kubwerera m'thupi. Asayansi Knut ndi Bodil Schmidt-Nielsen, amene anafufuza za kanyamaka ku Arizona, m'dziko la United States, cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anapeza kuti kakhoza kumwa ngakhale madzi a m'nyanja ya mchere osadwala.

Khalidwe lake limathandizanso. Masana kamabisala mu una n'kutseka khomo ndi dothi, monga amadziwira aliyense amene anakumbapo mbewa, ndipo njere zimene kasunga m'menemo zimayamwa chinyezi cha mu unawo. Usiku kamatuluka kukatola njere, n'kuzinyamula m'matumba aubweya a m'masaya, omwe ali kunja kwa kamwa, kuti malovu asatayike.

Usikuwo ndi nthawi ya akadzidzi ndi njoka zaululu zotchedwa rattlesnake. Makutu a kanyamaka amamva ngakhale phokoso lochepa la mapiko a kadzidzi, ndipo njoka ikafuna kuluma, kamatha kudumpha nthawi yomweyo n'kuimenya ndi miyendo kali m'malere. Mitundu ina imapalasira njoka mchenga kumaso kapena kugunda pansi ndi mapazi posonyeza kuti yaiona kale.