Bwanji akazi akuda bii amasalidwa ku Jamaica?

Achemwali, mwafunsa kuti zitheka bwanji mkazi wakuda bii n'kumasalidwa ku Jamaica, dziko limene anthu ake ambiri ndi akuda omwe. Gwero lake ndi ukapolo wa m'minda ya nzimbe. Ana amene azungu eni minda ankabereka mwa akapolo aakazi ndiwo kawirikawiri ankapatsidwa ntchito za m'nyumba, ena kumasulidwa, ena mpaka kulandirako chuma cha bambo awo. Ukapolo unatheratu mu 1838, dziko linalandira ufulu mu 1962, koma maganizo akuti woyererako ndiye wapamwamba sanachoke.

Akazi ndiwo amamva kuwawa kwambiri poti anthu amawaweruza ndi maonekedwe. Mu 1955 kunachitika mpikisano wa kukongola umene unagawa akazi m'magulu 10 potengera khungu ndi mtundu, ndipo akuda kwambiri anali ndi gulu lawolawo, la Miss Ebony. Okonza ankati akuonetsa umodzi, koma ine ndimaona kuti kumeneko kunali kuvomera kuti wakuda sangapatsidwe chipambano atapikisana ndi woyera. Mu 2011 nyuzipepala ya Gleaner inalemba kuti olemba ntchito ena ankapempha bungwe la HEART Trust, lophunzitsa achinyamata luso, kuti liziwatumizira oyererako.

Choncho musafulumire kuseka mtsikana wa ku Kingston, likulu la dzikolo, wodzola mafuta oyeretsa khungu. Mumtima mwake akuwerengera ntchito ndi banja. Unduna wa zaumoyo unachita kampeni yolimbana ndi mafutawa mu 2007, poti ena ali ndi hydroquinone ndi mankhwala ena oononga khungu, koma mpaka pano amagulitsidwabe m'misika.