Fritz Platten: timutchule "iye" kapena "iwo"?

Funso: Ndikulemba mbiri ya Fritz Platten, wandale wa chikomyunizimu wa ku Switzerland. Ndalemba kuti: "Anthu atawombera galimoto ya a Lenin, a Platten anawatchinga ndipo anawavulaza dzanja lawo." Mnzanga akuti chiganizochi sichikumveka. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Mnzanuyo akunena zoona, ulemu wachuluka. Lenin, mtsogoleri wa chikomyunizimu wa ku Russia, mwamupatsa "a", Platten mwamupatsanso "a", pomwe palinso gulu la owombera. Ndiye -wa- wa mu "anawavulaza" akuloza ndani? Dzanjalo ndi la yani? Zimene zinachitika mumzinda wa Petrograd ku Russia mu Januwale 1918 ndi zakuti Platten anakankhira pansi mutu wa Lenin, chipolopolo n'kumuvulaza Plattenyo kudzanja. Lembani kuti: "Anthu atawombera galimoto ya Lenin, Platten anamutchinga, ndipo chipolopolo chinavulaza dzanja la Platten."

Chimene chimasokoneza olemba ambiri n'chakuti chiyambi cha mneni sichionetsa kusiyana kwa ulemuku. "Anabadwa mu 1883" ndi chimodzimodzi, kaya munthuyo mukumulemekeza kaya ayi. Kusiyana kumatulukira pa iye ndi iwo, -mu- ndi -wa-, wake ndi wawo, ndipo apa mpamene wolemba amayamba ndi "Platten" n'kumaliza ndi "mkazi wawo".

Pa mbiri ya munthu wakale wa dziko lina, ine ndimasankha "iye". Si mwano ayi. Sali apongozi anu. Komanso "iwo" mumufuna posachedwa. Mu Epulo 1917 Platten ndiye anakonza ulendo wa pa sitima umene unachotsa Lenin ndi anzake pafupifupi 30 ku Zürich, mzinda wa ku Switzerland, kudutsa mu Germany nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati, kubwerera ku Russia. Pamenepo "iwo" akhale wa gulu la apaulendo, "iye" akhale wa Platten.

Poti mufikanso pa imfa yake, samalani ndi "anamwalira". Platten anasamukira ku Soviet Union mu 1923, anamangidwa mu 1938 mu ulamuliro wa Stalin, mtsogoleri wa dzikolo, ndipo mu 1942 anamuwombera kundende pafupi ndi tawuni ya Nyandoma ku Russia. "Anamwalira" apangitsa owerenga kuganiza za matenda kapena ukalamba. Lembani "anaphedwa". "Anatisiya" ndi mawu a pamaliro a m'bale wathu, pano sakukwanapo.