Za msonkho wa malipiro a ku Michigan ndi Illinois kwa munthu wokhala ku Indiana

Mayi,

Ndawerenga kalata yanu, momwe mwafotokoza kuti mumakhala ku South Bend, m'boma la Indiana, koma mumagwira ntchito yosamalira okalamba ku Niles, m'boma la Michigan, ndiponso kuti mu 2025 munakagwirako ntchito ina kwa miyezi ingapo ku Chicago. Mukufunsa ngati Indiana angakulipiritseninso msonkho, popeza ma W-2 anu (mapepala ochokera kwa abwana osonyeza malipiro a chaka chonse ndi msonkho umene anadula) akusonyeza kuti Michigan ndi Illinois anakudulani kale.

Kwathu tinazolowera kuti abwana akadula PAYE n'kupereka ku MRA nkhani yatha, koma kuno ku America boma la dera lililonse (state), monga Indiana kapena Michigan, lili ndi malamulo ake a msonkho, osiyana ndi a boma lalikulu omwe amayendetsedwa ndi IRS, bungwe lotolera msonkho wa dziko lonse. Boma limene mumakhala lili ndi mphamvu yokhometsa msonkho pa ndalama zanu zonse, kulikonse kumene mwazipeza, pamene boma limene mwangokagwirako ntchito limakhometsa pa zokhazo zimene mwapeza m'dera lake. Choncho fomu ya IT-40, yomwe ndi ya msonkho wa pachaka ya anthu okhala ku Indiana, muyenera kuilemba ndithu, ndipo malipiro onse, a ku Niles ndi a ku Chicago omwe, alembedwe pamenepo.

Za ku Michigan ndiye zofunika kuzimvetsa bwino, chifukwa msonkho umene anakudulaniwo sunayenera kudulidwa. Indiana ali pa mgwirizano ndi Michigan, Kentucky, Ohio, Pennsylvania ndi Wisconsin woti munthu wolembedwa ntchito azilipira msonkho wa malipiro ake kumene amakhala kokha. Chifukwa cha mgwirizano umenewu, Indiana sadzakuchotserani kanthu pa zimene Michigan anatenga, ndipo njira yokha yozipezera ndi kuzilondola nokha kwa amene anazitenga. Lembani fomu ya msonkho ya ku Michigan, MI-1040, pamodzi ndi Schedule NR (pepala lowonjezera la anthu osakhala m'bomalo), musonyeze kuti ndinu wa ku Indiana, ndipo mupemphe kuti akubwezereni zonse. Musadikire kuti ndalamazo zibwere kaye ndiye mukalipire ku Indiana, chifukwa tsiku lomaliza la 15 Epulo silisuntha, ndipo chilolezo chochedwa kutumiza fomu si chilolezo chochedwa kulipira.

Kuti zimenezi zisabwerenso, pitani ku ofesi yolipira anthu kuntchito kwanu mukadzaze MI-W4 yatsopano (fomu youza abwana za msonkho wa Michigan woti azidula), yonena kuti mumakhala ku Indiana. Nthawi zambiri cholakwika chimachitika tsiku loyamba ntchito, munthu akapatsidwa mulu wa mapepala n'kungosaina pomwe amulozera. Mukafunsenso ngati angathe kumadula msonkho wa Indiana m'malo mwake. Akakana, muzilipira nokha pang'onopang'ono kanayi pa chaka, monga momwe lamulo limafunira kwa aliyense amene ngongole yake ya msonkho ingafike madola 1,000.

Ku Illinois kulibe mgwirizano wotere, kotero kuti msonkho umene anadula kumeneko ndi wovomerezeka. Yambani ndi fomu yawo, IL-1040 ndi Schedule NR, chifukwa chiwerengero chotuluka pamenepo ndicho mudzachigwiritse ntchito popempha Indiana, pa Schedule 6 ya fomu ya IT-40, kuti akuchotsereni zimene mwalipira kale. Koma sachotsa zonse. Tiyerekeze kuti ku Chicago munapeza madola 10,000. Illinois amatenga 4.95 peresenti, womwe ndi pafupifupi madola 495, pamene msonkho wa Indiana wa 2025 ndi 3 peresenti, kapena kuti madola 300. Indiana adzakukhululukirani madola 300 akewo basi, ndipo otsalawo palibe amene adzakubwezereni. Lamulo limakutetezani kuti musalipire kawiri pa ndalama imodzi, koma silikulonjezani kuti mudzalipira msonkho wotsikirapo mwa iwiriyo.

Palinso msonkho wa kaunte (chigawo chaching'ono cha mkati mwa Indiana), umene anthu ambiri amauiwala. Ngati pa 1 Januwale 2025 munali kukhala ku St. Joseph County, komwe kuli South Bend, msonkho wa kaunteyo umawerengedwa pa malipiro anu onse, ndipo zimene munalipira ku boma la Illinois sizichepetsa msonkho umenewu.

Zonse ndanenazi ndatengera kuti ndinu wolembedwa ntchito wolandira W-2. Ngati pa ntchito ina ya ku Michigan munalipidwa ngati munthu wodzigwirira yekha, n'kupatsidwa fomu ya 1099, mgwirizano uja sukhudza ndalama zimenezo, ndipo Michigan ali ndi ufulu wokhometsa msonkho pa izo. Musanatumize fomu iliyonse, sonkhanitsani ma W-2 onse, pepala lomaliza la malipiro a Disembala ndi chikalata cha lendi chotsimikizira kumene mumakhala, kuti tidzaziwone pamodzi.